Galimoto imayambira pati? Funsani ku Moatize

Mu mzinda wa Tete mulibe fakitale ya magalimoto. Komatu malasha ena a ku Moatize, pafupi pomwepa, ndi aja osungunulira citsulo. Amakwera sitima makilomita 912, kudutsa m'Malawi mpaka ku doko la Nacala, kenaka pa nyanja kupita ku maiko ngati India. Citsulo ndico thupi la galimoto. Ndiye njanji ikaduka kuno, nkhani imakafika kutali.

Makampani a magalimoto amadziwa zimenezi, nanga n'cifukwa ciani amalephera kudziteteza?

Vuto lalikulu n'lakuti saona patali. Galimoto imodzi ili ndi tizipangizo masauzande ambiri. Kampani imadziwa amene waigulitsa citseko, mwinanso amene anagulitsa citsulo ca citsekoco. Koma amene anakumba malasha? Ameneyo ali kumapeto kwa mzere, ndipo ogulitsa a pakati sakonda kuulula kumene amagula, kuopa kulandidwa msika.

Taonani za ku Balama, ku Cabo Delgado. Kumeneko kampani ya Syrah Resources imakumba galafaiti, mwala wakuda uja wa m'kati mwa pensulo, umene umalowa m'mabatire a magalimoto amagetsi. Mu 2021 Syrah inagwirizana ndi Tesla zoigulitsa galafaiti woyengedwa ku America. Mu Seputembala 2024 alimi odandaula za minda yao anatseka njira ya ku mgodi, cisankho ca Okutobala cinabweretsa zipolowe, ndipo pofika Disembala kampaniyo inalengeza kuti singathe kukwaniritsa mapangano ake. Mlandu wa munda, basi, n'kuimitsa mgodi wa galafaiti wa mabatire! Injiniya wokhala kutsidya kwa nyanja angauwerengere bwanji mlandu wotere?

Cina ndi ndalama. Mafakitale ambiri amatsata njira imene Toyota inachukitsa: katundu afike pa nthawi imene akufunika, osaunjika m'nkhokwe. Zimachipa zinthu zikamayenda bwino. Kusunga katundu wa miyezi itatu, kapena kulipira wogulitsa waciwiri wongodikira, kumadya phindu, ndipo bwana amene wacita zimenezo pa caka copanda tsoka amaoneka ngati woononga.

Tsono tsoka lake silicenjeza. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula mlatho pa mtsinje wa Revúbuè kuno ku Tete. Mu Epulo caka comweco madzi osefukira analowa m'fakitale ya Toyota ku Durban, ndipo inaima pafupifupi miyezi inayi. Inshuwalansi imabweza ndalama, inde, koma wogula amene analipira kale galimoto yake amangodikirabe.