Mwanayo si wamwano, kamuyezetseni makutu

Anzanga a m'gulu lino, m'Chichewa chathu mawu akuti "samva" ali ndi mbali ziwiri. Pali mwana amene samva chifukwa ndi wamakani, ndiye pali amene samva chifukwa mawu sakulowa m'khutu. Ife tonse awiriwa timawakwapula ndi mkwapulo umodzi. Kunyumba akuti ndi wamwano, kusukulu akuti ndi mbuli mpaka abwereze Sitandade 1 katatu, agogo akuti anamulodza. Woti "tiyeni tikamuyezetse makutu" palibe.

Pitani kusikelo ku Mitundu kapena ku Nathenje mukaone khama la amayi. Amalawirira, mwana kumbuyo, amamukweza pa sikelo, kulemera kwake nkulembedwa m'kabuku, katemera osaphonya. Tsono tsegulani kabuku ka mwana wanu, mundiuze tsiku limene makutu ake anayezedwa.

Mukuti mwana wamwamuna amachedwa kulankhula, adzalankhula akakula? Bodza limeneli lawononga ana ambiri. Ubongo umaphunzira chilankhulo kwambiri m'zaka zitatu zoyambirira, ndipo umaphunzira zimene khutu laubweretsera. Chaka chimene mwadikira sichibwereranso. M'mera mpoyamba, makolo ananena kale. Ngati khanda silidzidzimuka chitseko chikamenyetsedwa, ngati mwana wa miyezi 6 satembenukira kumene kukuchokera mawu, ngati wafika zaka ziwiri wopanda mawu ngakhale ochepa, musadikire.

Za ufiti tiyeni tizisiye kaye, chifukwa zogonthetsa ana zikudziwika: malungo a mu ubongo, matenda oumitsa khosi, chikuku, matsagwidi, ndi khutu lotuluka mafinya miyezi ndi miyezi ife tikungodontheza madzi a masamba ndi kutokosa ndi kamtengo ka machesi. Bungwe la WHO limati pa ana 10 alionse amene ali ndi vuto la kumva, pafupifupi 6 vutolo likanapeweka.

Kuyezako sikupweteka. Dokotala amayamba waunika m'khutu ndi katochi, ndipo nthawi zina vuto limangokhala phula lotseka njira. Khanda amaliika kachipangizo kofewa m'khutu lili mtulo, makina nkuona ngati khutu likuyankha, mphindi zochepa basi. Wamkulupo amavala mahedifoni, nkumakweza dzanja akamva kulira. Zotsatira zake ndi zimene zimanena thandizo loyenera.

Apa ndiye ndikangane nanu inu amene mumatumiza hearing aid kumudzi kuchokera ku Joni, kapena kugula pa intaneti. Mtima wanu ndi wabwino, koma kachipangizoka si chipewa choti aliyense avale. Kamayenera kuchunidwa molingana ndi khutu la mwini wake, ndipo kachikombole kolowa m'khutu kamaumbidwa potengera khutu lomwelo. Kopanda muyeso kamangolira tswiii, agogo nkukaponya m'chitini cha mabatani, kapena kamakweza phokoso mpaka kuwononga kumva kumene kunatsala.

Ena mwamva za cochlear implant ndipo mukuiona ngati chozizwitsa. Ndi opaleshoni yolowetsa kawaya m'kati mwenimweni mwa khutu, m'kachiwalo kopindika ngati nkhono, kuti kazitumiza mawu ku mtsempha wa kumva. Zinachitikapo kwathu kuno: Dr Wakisa Mulwafu, dokotala woyamba wa Chimalawi wa makutu, mphuno ndi kukhosi, ndi anzake analemba mu Malawi Medical Journal mu 2017 za anthu anayi oyamba kuikidwa. Koma ndi ya okhawo amene hearing aid yalephera kuwathandiza, ndi yodula zedi, ndipo pambuyo pake pamafunika miyezi yambiri yophunzira kumva. Amenewanso amayamba ndi kuyezedwa, monga wina aliyense.

Malo oyezera alipo: ABC Hearing Clinic ku Area 47 mu Lilongwe, ndi ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Mudzati, "Ndiye vuto nchani?" Vuto ndi thiransipoti. Mayi wa kuseri kwa Mitundu akwere kabaza, akwere minibasi mpaka kudepoti, akwerenso ina, ndipo abwerenso kangapo kudzachunitsa kachipangizo, mabatire osawerengera. Ndalama imeneyo ndi ya feteleza. Nchifukwa chake ndikuti a Unduna wa Zaumoyo atengere kuyeza makutu kusikelo komweko, ndipo alangizi a zaumoyo aphunzitsidwe kuzindikira mwana wosamva monga amazindikirira wonyentchera. Mwambo wa pa 3 Malichi, tsiku loganizira za kumva, sungalowe m'malo mwa zimenezi.

Nanga akapezeka kuti makina sangamuthandize? Kuyezako sikunapite pachabe. Mwana amayamba msanga chinenero cha manja, ndipo sukulu ngati ya ku Mua ku Dedza ndi Maryview ku Chiradzulu zilipo. Wogontha ali ndi nzeru ngati inu ndi ine. Chomupweteka ndi kukula wopanda chinenero chilichonse.

Inu aphunzitsi muli m'gulu lino, mwana uja amayang'anitsitsa pakamwa panu mukamalankhula, musunthireni kutsogolo mawa, ndipo muitane makolo ake. Enanu, tiuzeni m'makomenti: kwanuko munthu akafuna kuyezetsa makutu amapita kuti, ndipo ulendowo umadya ndalama zingati?