Siginala wa kompyuta

Abale anzanga a mumsika, sabata yathayi ndinali ku Chintheche kokapikula usipa, koma ndinabwerako ndi nkhani ina. Madzulo tili pamchenga kudikira kuti ngalawa zilowe m'madzi, kunatulukira mwana wa mlongo wanga, uja amagwira ntchito pakampani ina yosunga ndi kuchulukitsa ndalama za anthu ku Blantyre. Akuti amukweza. Tsopano ndiye akutsogolera ntchito yobweretsa makina oganiza okha, aja akuti AI, kuti aziwauza masheya oti agule ndi oti agulitse.

Inetu ndinamwetulira, koma mtima unagunda, chifukwa kandalama kanga ka penshoni kali komweko. Nanunso musati sizikukukhudzani. Chiyambire lamulo la penshoni la 2011, ana anu ambiri olembedwa ntchito amadulidwa mwezi ndi mwezi, ndipo gawo la ndalamazo limakathera pamsika wa masheya wa ku Blantyre, uja unayamba ndi NICO mu 1996. Ena mwa inu munagulako a Airtel mu 2020, ndikudziwa.

"Amalume, musaope," anatero mnyamatayo. "Kunja zinayamba kale. Kampani ya BlackRock ku America imayang'anira ndalama zoposa madola 10 thiriliyoni, ndipo ili ndi makina ake otchedwa Aladdin oyeza ngozi zisanagwe."

Ine ndinamuloza kunyanja. Amene munagonako kunyanja mukumudziwa siginala, uja amatsogola pabwato ndi nyali kuitana usipa, n'kuuza anzake pokoka chilimira. Munthu wofunika zedi. Komatu siginala akaphonya, ngongole ya mafuta a injini salipira ndiye, amalipira mwini ukonde. Ndiye ndinafunsa kuti siginala wa kompyutayu akaphonya, tikagwire ndani pakhosi? Paja pa 1 Ogasiti 2012 makina ogula ndi kugulitsa okha a kampani ya Knight Capital anasokonekera, madola 440 miliyoni n'kupsa m'mphindi 45 zokha. Nsima isanapse n'komwe!

Chinanso, makinawa amaphunzira kuchokera m'mabuku a zakale. Zimene sizinalembedwe saziona. Nanga geni yathu inalembedwa pati? Mayi wapikula usipa amadziwa kuti mwezi ukawala mtengo ukwera, mwera ukawomba ngalawa zigona kumtunda. Banki mkhonde, chipereganyu, katapila, zonsezi zikuyendetsa dziko lino popanda kompyuta kuzimva fungo. Ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mpamba wanu unasungunuka usiku umodzi. Chigamulo chimenecho anapanga ndi anthu atakhala muofesi.

Kuno ku Chintheche masamu a akatswiri tinawaonapo. M'zaka za m'ma 1970 kunamveka kuti kubwera fakitale yaikulu ya mapepala, mitengo ya paini itadzalidwa kale ku Chikangawa. Mapulani analipo, manambala analipo. Fakitaleyo mpaka lero sinamangidwe.

Musandimve molakwa. Ngati makinawo angawerenge malipoti a makampani usiku umodzi, n'kugwira kalaliki wosolola, abwere ndithu, ndiwaphikira tiyi. Chimene ndinamuuza mnyamatayo n'chakuti mtsogoleri wa ntchito yotereyi ayambe walemba dzina la munthu wosayina chigamulo chilichonse, ndiponso akhale ndi mphamvu yozimitsa makinawo akayamba misala. Atiuzenso m'Chichewa chomveka chifukwa chimene agulira masheya akuti, osangoti "kompyuta yatero."

Iye anaseka, nati zonsezo zili m'mapulani ake. Ndinamuuza kuti anditumizire zolembedwa, ndiziwerenga m'danga lomwe lino. Kutacha ngalawa zinabwera ndi usipa wochepa, chigoba chitakwera mtengo, ndipo ndinakwera basi ya ku Mzuzu ndi thumba limodzi m'malo mwa atatu.