Mlendo alondole gule, osati gule kulondola mlendo

Miyezi ingapo yapitayo ndidatumidwa kukatola nkhani pamsonkhano wina womwe udachitikira pamalo ena ogona alendo mumzinda wa Lilongwe. Nthawi ya nkhomaliro itakwana, woyendetsa mwambo adalengeza kuti tonse tituluke panja chifukwa "chikhalidwe" chafika. Tidapeza kalole katatsitsa oimba ng'oma, amayi anayi ndi zilombo zitatu pamalo oimika galimoto. Gule adavina mphindi 15, oonerera ali ndi mbale za mpunga m'manja. Kenako bwana uja adaloza wotchi yake, ng'oma n'kudukira panjira, ife n'kubwerera kukamva za bajeti.

Pafupi ndi ine padaima mayi wina wa ku Ulaya. Adandifunsa tanthauzo la chilombo chimene chidavina komalizira komanso zimene nyimbo imanena. Ine, mwana wa ku Nsaru kwa T/A Kabudula, wokhala ndi digiri ya zofalitsa nkhani, ndidangoti kakasi. Mwa okonza msonkhanowo mudalibenso ndi mmodzi yemwe womuyankha. Apo mayiyo adatulutsa foni n'kundionetsa zithunzi za ulendo wake wa ku Bhutan, ndipo zimene ndidaona ndi zomwe zandilembetsa lero.

Bhutan ndi kadziko ka m'mapiri a Himalaya, pakati pa India ndi China, ndipo anthu ake sakwana ndi 1 miliyoni yomwe. Ambiri ndi achipembedzo cha Chibuda. Chaka chilichonse, m'mabwalo a nyumba zikuluzikulu zokhalamo ansembe awo mumachitika zikondwerero zotchedwa tshechu, kutanthauza tsiku lakhumi la mwezi. Amakumbukira Guru Rinpoche, mphunzitsi yemwe amati adafika ndi Chibuda m'dzikomo m'zaka za m'ma 700. Ansembe ndi amuna ena a m'midzi amavala zigoba kumaso n'kuvina magule ophunzitsa za imfa, chiweruzo ndi kugonja kwa zoipa. Mulinso ena a zigoba zofiira, otchedwa atsara, omwe ntchito yawo ndi kuseketsa anthu ndi kusereula aliyense. Wobadwira ku Kabudula akaona zithunzizo sangalephere kukumbuka Simoni.

Ku Paro chikondwererochi chimatenga masiku asanu, mu Malichi kapena Epulo. Tsiku lomaliza, kusanache, ansembe amatambasula chinsalu chachikulu chopatulika chotchedwa thongdrel, ndipo amachipindanso dzuwa lisanachiombe. Wofuna kuchiona amadzuka usiku n'kukaima pamzere m'chisanu pamodzi ndi eni dziko. Mayi uja adatero. Palibe adamusinthira tsiku, palibe adamupititsira chinsalucho kuhotela. Pamwamba pa izo, mlendo wochokera kutali amalipira boma la Bhutan ndalama zokwana madola 100 a ku America pa usiku uliwonse umene wagona m'dzikomo, osawerengera za chakudya, malo ogona ndi womuperekeza.

Tsono mvetserani ichi. Mu Novembala 2005, pamene bungwe la UNESCO lidalengeza kuti Gule Wamkulu wa Malawi, Mozambique ndi Zambia ndi chuma cha anthu onse a pa dziko lapansi, pamndandanda womwewo padali Vimbuza wa kumpoto kwathu komanso gule wa zigoba ndi ng'oma wa ku Drametse, kum'mawa kwa Bhutan. Ulemu tidalandira wofanana, tsiku limodzi. Lero anzathuwo alendo amawalondola kukwera mapiri, pomwe ife gule wathu timamukweza pa lole kukamuvinitsa pafupi ndi matayala a galimoto za mabwana.

Maganizo anga ndi akuti tatembenuza zinthu. Ngati tikufuna kuti chikhalidwe chizibweretsa alendo, mlendo ndiye azipita kubwalo, pa tsiku limene eni mzinda asankha, n'kutsata malamulo a eni akewo, ndalama yake n'kutsala m'mudzimo.

Ndinene poyera kuti ine ndidakulira mumpingo ndipo sindidalowe gule. Za kudambwe sindizidziwa ndipo si zanga. Koma za pabwalo ndidaziona kuyambira ndili mwana, chifukwa kwathu ukamva mbalule ikulira madzulo, tulo sitibwera. Nditawafotokozera atsibweni anga za kuhotela zija, adapukusa mutu nati: "Mphwanga, gule sapita kwa munthu. Munthu ndiye amapita kugule." Adandikumbutsa kuti gule amatuluka pa chifukwa: pa maliro, pa chiliza, pa chinamwali, polonga ufumu, kapena pa chizangala anthu atakolola. Kasiyamaliro satuluka chifukwa choti wina wafika pa ndege. Chadzunda akamatsimphina pabwalo, kapena Maliya akamanyada, pamakhala phunziro limene amayi oimba ndi owomba m'manja akulimva. Mukachotsa chifukwacho, chotsala ndi nsanza ndi fumbi basi.

Mwayi tili nawo, ndipo ukutidutsa pakhomo tsiku ndi tsiku. Msewu wa Lilongwe kupita ku Mchinji umadutsa pa Mpingu, pa Msundwe ndi pa Namitete. Ndi msewu womwewu umene alendo otsika ndege ku Lumbadzi amadzera popita ku Chipata mpaka kukaona nyama ku South Luangwa. Galimoto zawo zimangoti fyuu, mwina kuima pang'ono kugula nthochi. Chikhalirenicho akudutsa pakatikati pa dera limene gule ali ndi mphamvu, kwa Kalolo ndi kwa Kabudula, komwe mizinda ili mbwee. Kumwera chakumadzulo kuli mapiri a Dzalanyama, komwe nthano ya makolo imati kuli Kaphirintiwa, pomwe anthu oyamba adasiya mapazi awo pathanthwe, ndipo kufupi ndi komweko kuli Msinja, kachisi wa mvula wa Makewana. Ku Dedza kuli Chongoni, malo 127 a zojambula za pamiyala omwe UNESCO idawazindikira mu 2006. Kutsetsereka ku Mua kuli Kungoni, yomwe bambo Claude Boucher Chisale adayambitsa mu 1976, komwe kuli zigoba za gule zoposa 400. Kutsidya la malire, ku Mkaika m'boma la Katete, Achewa a maiko atatu amasonkhana kumapeto kwa Ogasiti pa mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Abale, ulendo wa sabata yathunthu suli apa? Mapiri alipo, malo opatulika alipo, chikondwerero chachikulu chotsekera chilipo. Chosowa ndi dongosolo.

Dongosolo loyamba ndi kalendala. Masiku a tshechu amadziwika chaka chisanayambe, choncho munthu wa ku Berlin kapena Tokyo amagula tikiti miyezi isanu ndi umodzi nthawi isanakwane. Ife ngakhale wa ku Area 25 sangadziwe kuti kwa Kalolo kuli chizangala Loweruka likubwerali pokhapokha ali ndi mbale kumeneko. Komatu nyengo yake ndi yodziwika kale: anthu akakolola, kuyambira cha mu Julayi mpaka mvula isanagwe. N'chiyani chingalepheretse mafumu a madera amenewa, mogwirizana ndi Chewa Heritage Foundation ndi khonsolo ya Lilongwe, kukhala pansi mu Epulo n'kusankha mizinda itatu kapena inayi yomwe yavomera yokha kulandira alendo chaka chimenecho? Mzinda wokana usakakamizidwe. Maliro akhale kunja kwa kalendalayo, chifukwa misozi ya anamfedwa si malonda.

Chachiwiri ndi mtengo, ndipo apa ndi pomwe pagona nkhani. Nditafunsa mmodzi mwa oimba ng'oma kuhotela kuja kuti alandira zingati, adaseka n'kunena kuti akachotsa ya lole yotsalayo ndi ya sopo. Ndalama yeniyeni idatsalira wapakati. Mlendo wofika pabwalo azilipira ndalama yodziwika, yolembedwa m'buku, risiti n'kupatsidwa, ndipo mudzi wonse uzimva pamsonkhano kuti kwalowa zingati ndipo zagwira ntchito yanji: kukonza mjigo, kufolera kalasi, kugula zikopa za ng'oma. Amayi oimba, omwe popanda iwo gule savinika, azikhala m'komiti yosunga ndalamazo. Kusupa chilombo chikavina bwino kupitirire monga mwa mwambo, koma kusakhale ndiko malipiro okha.

Chachitatu ndi malire. Ku Bhutan mlendo amauzidwa kavalidwe koyenera, ndipo m'kati mwa akachisi saloledwa kujambula. Palibe amakwiya nazo. Ifenso tinene mosapita m'mbali kuti kudambwe ndi kuliunde mlendo safikako, kaya walipira zingati. Atsabwalo ndiwo aziloza pokhala ndi pomwe kamera ingaloze. Wokana kumvera abwezeredwe ndalama yake azipita. Chinthu chimene mwini wake amachitchingira mpanda, mlendo amachipatsa ulemu.

Chachinayi ndi omasulira. Manyazi amene ndidawaona tsiku lija asaonekenso. Ku Nsaru, ku Nambuma ndi ku Namitete kuli achinyamata a MSCE, ena a madipuloma, omwe akungokhala pa sitolo kudikira ganyu. Akuluakulu a mzinda atawauza zimene n'zololedwa kunena, ndipo a ku Kungoni atawasula kafotokozedwe kake, angamayime pambali pa mlendo n'kumamuuza kuti nyimbo iyi ikudzudzula mwamuna woledzera, iyo ikuseka mkamwini waulesi. Imeneyo ndi ntchito yolipidwa, ndipo siyofuna kusamukira ku Joni.

Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kutsutsa. A kumpingo kwathu adzati mwana uyu wasochera, akulimbikitsa zachikunja. Mkangano wa mishoni ndi gule ndi wakale kwambiri m'chigawo chapakati, ndipo sindingauthetse ine. Koma kumbukirani kuti nyumba yaikulu yosungira mbiri ya gule m'dziko muno ili pa mishoni ya Katolika ku Mua. Alendo ambiri opita ku Paro si Abuda, ndipo sabwerako atasintha chipembedzo. Kumvetsa zimene mnansi wako amakhulupirira si kulowa nawo.

Ena adzati gule wa masiku ano ndi wachiwawa: amathamangitsa ana a sukulu, amatseka njira n'kumalanda ndalama. Zoona, zoterezi zimachitika, ndipo amene tidathawirapo m'chimanga tikuchokera kusukulu sitingakane. Mafumu ndi a Chewa Heritage Foundation akhala akudzudzula khalidwe lotere, pamodzi ndi kutengera gule ku misonkhano ya ndale, chizolowezi chomwe chidazika mizu kuyambira nthawi ya Kamuzu. Koma taganizani: mzinda umene ukudziwa kuti mbiri yoipa ingauchotse pa kalendala, ndipo mjigo wa mudzi ukudalira kalendalayo, kodi ungalekerere anyamata ake kukatseka msewu? Mfumu imalanga msanga pamene mudzi wonse uli ndi choti utaye.

Mantha amene ndimawalemekeza kwambiri ndi a atsibweni anga omwe: akuti ndalama ikalowa pabwalo, gule adzayamba kuvinira kamera osati mizimu. Sindingawatsutse kotheratu. Ngakhale ku Bhutan nkhani ya mtengo siyophweka. Mu 2022 adakweza ndalama ija kuchoka pa madola 65 kufika pa 200, alendo n'kuchepa, ndipo mu 2023 adaitsitsa kufika pa 100. Akufufuzabe poyenera kuima. Koma yankho langa kwa atsibweni ndi lakuti ndalama idalowa kale. Idalowera kukhomo la kuseri, pa lole, kudzera mwa anthu apakati omwe sadziwa ndi dzina la chilombo chimodzi. Funso latsala ndi lakuti ndani aziika malamulo: eni mzinda kapena woloza wotchi uja?

Palinso china chimene tingapulumutse. Dzalanyama, komwe kumachokera mtsinje wa Lilongwe umene anthu a mumzinda amamwa, ikutha ndi makala. Matumba amatuluka m'nkhalangomo pa njinga usiku ndi usana chifukwa kwa anthu ambiri ozungulira phirilo ndi njira yokhayo yopezera ndalama. Sindikunama kuti alendo ochepa angathetse vutoli. Koma mnyamata amene walipidwa chifukwa choperekeza alendo kukwera phiri amayamba kuuona mtengo woimirira ndi diso lina.

Akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Adatinso mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Mayi uja adakwera ndege yake patatha masiku awiri, koma funso lake lidatsala ndi ine, ndipo landimeta. Mwezi watha ndidapita kumudzi, ndidakhala pamkeka ndi atsibweni, ndipo kwa nthawi yoyamba ndidawapempha kuti andifotokozere nyimbo zimene ndakhala ndikuzimva moyo wanga wonse. Zina adandiuza. Zina adati si zanga, ndipo ndidavomera.

Kwa a Gogo Chalo Kalolo ndi Kabudula, kwa a khonsolo ndi a unduna woona zokopa alendo, pempho langa ndi laling'ono. Chaka chamawa tiyese ndi mzinda umodzi wokha, tsiku limodzi lolengezedwa nthawi ikadalipo, buku limodzi la ndalama lotseguka kwa aliyense. Zikakanika tidzadziwa pomwe talakwitsa. Ndipo kwa inu okonza misonkhano m'tauni, mukafuna kuonetsa alendo anu gule, lole ija itumeni ikatenge alendowo. Ku Namitete ndi ulendo wa ola limodzi lokha.