Mpira wa Chikulunga Si Kutaya Nthawi

Pali maganizo ofala pakati pa makolo ndi aphunzitsi ena a mpira wamiyendo akuti mwana wofuna kudzadyera mpira ayenera kulowa akademi akadali wamng'ono, azitsata za mphunzitsi tsiku ndi tsiku, ndipo aleke mpira wa m'makwalala. Ambiri amatsamira pa buku la Malcolm Gladwell la mu 2008, Outliers, lomwe lidatchukitsa zoti ukatswiri umabwera munthu akayeserera maola 10,000. Komatu chiwerengerochi chidachokera pa kafukufuku wa Anders Ericsson wa mu 1993, wokhudza oimba vayolini ku Berlin, osati osewera mpira.

Akatswiri atafufuza za mpira weniweniwo adapeza zina. Mu 2009, Paul Ford ndi anzake adayerekeza anyamata a m'maakademi a ku England: amene matimu adawasunga atafika zaka 16, ndi amene adawachotsa. Kuyambira zaka 6 mpaka 12, magulu onsewa adaphunzitsidwa maola ofanana. Kusiyana kudali pa mpira wosewera paokha popanda wamkulu: amene adapitirira adali atausewera kwambiri. Kafukufuku wa mu 2016 ku Germany adaonetsanso kuti osewera a Bundesliga adasewera mpira woterewu ali ana kuposa anzawo a m'maligi apansi.

Chifukwa chake chimaoneka pabwalo lililonse lafumbi. Golo ndi miyala iwiri, mpira ndi mapepala apulasitiki omangidwa ndi zingwe, ndipo umanjanja mosayembekezeka, choncho phazi limazolowera kuuweta. Osewera amakhala ochepa, aliyense amaugunda kambirimbiri. Palibe womukuwira mwana kuti apatsire. Amasankha yekha, akaphonya amayesanso mopanda mantha. Polimbana ndi omuposa msinkhu, amaphunzira kudyetsa njomba ndi kuona mpata msanga.

Mwachitsanzo, katswiri wa mpira Sadio Mané adakulira m'mudzi wa Bambali ku Senegal. Ku akademi ya Génération Foot ku Dakar adafikako ali kale mnyamata wosinkhuka, ndipo mu 2011 adapita ku timu ya Metz.

Izi sizikuchotsa ntchito ya mphunzitsi. Kusunga malo ako m'bwalo, kulimbitsa thupi ndi mwambo wa timu zimafuna wodziwa, makamaka mwana akamasinkhuka. Cholakwika ndi kumulanda masewera ake kuti aphunzitsidwe basi. Mwana wa zaka zosapitirira 12 amafunika zonse ziwiri, ndipo makhonsolo ndi mafumu amene amasunga mabwalo a ana kuti asagawidwe mapuloti amathandiza mpira monga momwe akademi imathandizira.