Musanaike njerwa, kaoneni kumene ophunzira amakhala

Inu amene muli ndi udindo womanga zipinda zophunziriramo m'sukulu zathu za ukachenjede, ndiloleni ndilankhuleko. Ndikudziwa kuti tsabola wakale sawawa, ndipo ine ndine wa nthawi ya choko ndi bolodi. Koma maso ndikadali nawo.

Pamene Chancellor College inkasamukira ku Zomba mu 1973, chipinda chophunziriramo chinkamangidwa poganizira pakamwa pamodzi ndi makutu ambiri. Mphunzitsi kutsogolo, ife m'mizere, cholembera m'manja. Sikunali kulakwitsa ayi. Mabuku anali ochepa, ndipo zimene zinali m'mutu mwa mphunzitsi sukanazipeza kwina. Mwana wa lero amalowa m'kalasi ali ndi foni imene ingamutsegulire mabuku ochuluka kuposa amene ife tinawaonapo moyo wathu wonse. Nanga bwanji mukumumangirabe chipinda cha agogo ake?

Safunsa anadya phula. Musanaitane wojambula mapulani, pitani pasukulupo madzulo, muyende pang'onopang'ono. Mupeza ophunzira ataunjikana pasimenti m'khonde chifukwa pamenepo ndi pamene pali soketi yogwira ntchito. Ena muwapeza patsinde pa mtengo, udzudzu ukuwadya, poti Wi-Fi imafika pomwepo. Anawo akuonetsani kale pamene pakufunika denga, tebulo ndi magetsi. Chotsalira n'choti inu mutsatire mapazi awo.

Nkhani ya soketi musaipeputse. Ndinalowapo m'holo ina yokongola, ya mipando mazanamazana, koma masoketi anali awiri okha, onse pafupi ndi pamene pamaima mphunzitsi. Laputopu ikatha moto, phunziro lathera pomwepo. Kuika mawaya nyumba ikumangidwa n'kotchipa. Kugumula khoma pambuyo pake ndiye kumadya ndalama.

Mipando nayonso musaikhomerere pansi m'zipinda zonse. Mutu umodzi susenza denga, ndipo aphunzitsi a masiku ano amapereka ntchito zambiri za m'magulu. Ophunzira asanu akufuna tebulo loti alizungulire, ayang'anane, atsutsane, wina atembenuze kompyuta kuti anzake aone. Makolo athu ankadziwa zimenezi: pabwalo sankakhala mopenyana nkhongo. Komabe siyani ngodya ina ya zii, yoti munthu awerenge payekha, chifukwa ambiri amachita lendi kunja kwa sukulu, anayi m'kachipinda kamodzi, ndipo alibe kwina kothawira phokoso. Wotereyu akabwera m'mawa sabwerera kufikira madzulo. Akufuna pokhala pakati pa maphunziro, madzi akumwa, chimbudzi chaukhondo, ndi njira yowala bwino usiku, makamaka ana athu aakazi. Woyenda panjinga ya olumala naye alowere khomo lomwe anzake akulowera.

Tsono walira mvula walira matope. Wofuna zamakono wafunanso magetsi, ndipo magetsi athu mukuwadziwa. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo mdima unatipeza kwa miyezi yambiri. Chipinda chodalira pulojekita yokha tsiku lotere chimasanduka nkhokwe. Ikani sola padenga ndi mabatire okwanira kuyendetsa intaneti ndi kutchaja mafoni. Mawindo akhale aakulu, oloza koti mphepo idutse ndi kuwala kulowe. Bolodi lisachoke, silithima.

Za magalasi ndinenepo pang'ono, poti ndaona tayamba kuwakonda. Nyumba ya magalasi okhaokha imaoneka bwino pachithunzi cha tsiku lotsegulira, koma mu Okutobala imawotcha ngati uvuni, ndipo makina oziziritsira akafa palibe wokhalamo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Khonde lalikulu ndi mitengo ya mthunzi sizifuna mayunitsi.

Mukumbukire za Malichi 2020, pamene sukulu zinatsekedwa chifukwa cha Covid-19. Kunamveka mawu oti ana aphunzire pa intaneti ali kwawo. Wa m'tauni, wa makolo ogula bandulo, anapitiriza. Wa kumudzi, woyenda mtunda kukatchajitsa foni pa tireding'i senta, anatsalira. Si mwana aliyense wa m'badwo uno amene anakula ndi kompyuta. Ena amaigwira koyamba atafika chaka choyamba ku koleji. Choncho chipinda cha makompyuta a sukulu musachitseke poganiza kuti aliyense ali ndi yake. Chizikhala chotsegula mpaka usiku, muli munthu woleza mtima wothandiza oyamba kumene.

Laibulale ya ku Mzuzu University itapsa mu Disembala 2015, mabuku zikwizikwi anasanduka phulusa usiku umodzi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Zolemba za ophunzira ndi kafukufuku wa aphunzitsi zisungidwenso pakompyuta, kumalo oposa amodzi.

Ndipo polemba bajeti, musathere ndalama zonse pa njerwa ndi mwambo wodula riboni. Siyaniko zolipira katswiri wokonza mawaya ndi zogulira zipangizo zikafa. Komiti yoona mapulani ikamakhala pansi, muikemo ophunzira awiri kapena atatu, mmodzi akhale wamkazi, wina wochokera kusekondale ya kumudzi, ndipo muwalole alankhule musanasaine.