Atelala asiyeko nsalu m'misoko

Mwezi wa Okutobala matelala sagona. Zinkhoswe ndi maukwati zimathithikana mvula isanagwe, ndipo pa 15 pali Tsiku la Anakubala, pomwe aliyense amafuna kuveka mayi ake chatsopano. M'makonde a sitolo ku Limbe kapena ku Bwalo la Njobvu ku Lilongwe, makina a Singer ndi Butterfly amalira mpaka mdima. Ndi nyengo yomweyinso imene madiresi ambiri amatuluka othina pachifuwa, okhwepa m'chiuno, mwiniwake n'kukhala tsiku lonse akukoka nsalu m'malo movina.

Timathamangira kunena atelala, koma nthawi zambiri mlandu umayambira kwathu. Tapereka nsalu Lachitatu, mwambo uli Loweruka, tawaonetsa chithunzi cha pa Facebook cha munthu wathupi losiyana ndi lathu, basi tapita. Tepi imangouza telala manambala. Siinena kuti phewa lina ndi lotsika, kapena kuti msana ndi waufupi. Zimenezi zimaoneka diresi likavalidwa.

N'chifukwa chake ine ndimalimbikira zoyesa diresi lisanathe, zipi ndi mpendero zisanasokedwe. Pitani mutavala kamisolo ndi nsapato zomwe mudzavale pa tsikulo. Musangoima pagalasi: khalani pampando, kwezani manja, weramani ngati mukuponya ndalama pa perekaniperekani. Kenako yang'anani makwinya, chifukwa amalankhula. Opingasa, ochoka mbali ina kupita ina, akutanthauza kuti pamenepo pathina. Otsika kuchokera m'mwamba ndiye kuti nsalu yachuluka. Zipi ikamatukuka kumsana, kawirikawiri vuto si zipiyo, koma chigawo chakumbuyo chatalika kuposa msana wanu, ndipo chofunika n'kukweza msoko wa m'chiuno. Kukonza kuyambire m'mapewa, poti diresi lonse limalendewera pamenepo. Mpendero ubwere pomaliza.

Koma chimene chimandiwawa kwenikweni ndi chizolowezi chodula nsalu mpaka pamphepete pa msoko. Diresi lalikulu silivuta, telala amangolowetsa msoko mkati. Lothina limakuzidwa pokhapokha ngati mkati munatsala nsalu. Masentimita 2 kapena 3 m'misoko ya m'mbali ndi okwanira kupulumutsa chovala chimene munthu wasungira ndalama miyezi ingapo, ndiponso kudzachikuza thupi likasintha, monga limachitira mayi akabereka. Ukafunsa, ena amayankha kuti, "Mayi, mkati muzioneka mwaudongo." Udongowo umatheka popanda kumeta nsalu yonse. Ndipo tizidutswa totsala tizitenga, chifukwa kachidutswa ka m'khwapa kakhoza kumasula dzanja lothina popanda wina kuzindikira.

Chitenje cha thonje chimafinyika pochapa koyamba, choncho chichapidwe ndi kusitidwa lumo lisanachikhudze. Nsalu ya mkati, ija yoterera, siifinyika mofanana nacho, ndiye mukadzachapa diresi litasokedwa kale, ya mkatiyo imayamba kusuzumira pansi. Ubwino wa chitenje ndi woti mabowo a singano amatsekeka mukawaza madzi n'kusita. Satini sakhululuka chotero: msoko ukasomoledwa, chipsera chimatsala. Ngati diresi lanu ndi la satini kapena lesi, apempheni atelala ayambe alumikiza ndi ulusi wapamanja wotalikirana, muyese, kenako apititse pamakina. Awonjezera kangachepe pamtengo, ndipo nkoyenera kuwalipira, chifukwa ndi ntchito yowirikiza. Nsaluyo ifike kwa iwo kudakali masabata atatu.