Mau a Mlangizi: Funsani Musanadinde Cala

 Sabata ino ndiyamba ndi nkhani ya wailesi za kutali, koma musapinde nyuzipepala, pakuti tikathera m'munda wa thonje.

Ku America kunali makampani awiri oulutsa mau kudzera m'makina a m'mlengalenga, amene amati setilaiti. Ina, dzina lake XM, inayamba m'caka ca 2001, ndipo inzake, Sirius, inayamba mu 2002. Wailesi zimenezi sizinali zaulere monga MBC yathu. Womvera ankalipira mwezi ndi mwezi.

Nanga omvera anawapeza bwanji? Anaona kuti anthu a kumeneko amamvera wailesi kwambiri akakhala m'galimoto. Motero anathamangira kwa opanga magalimoto. XM inapangana ndi General Motors ndi Honda, pamene Sirius inapangana ndi Ford ndi Chrysler. Galimoto inkacoka m'fakitale wailesi ili kale m'kati, ndipo woigula ankamvera kwaulere miyezi yoyamba. Miyeziyo ikatha, ankamuuza kuti alipire, apo ai mau azima. Cinanso, wailesi ya kampani imodzi siinkagwira mau a inzake. Wogula Ford akafuna XM, anayenera kugula makina ena. Onani, munthuyu anamusankhira wailesi asanafike n'komwe kokagula galimoto.

Polimbirana omvera, makampani awiriwa anamwaza ndalama zambiri. Sirius inalonjeza muulutsi mmodzi, Howard Stern, madola 500 miliyoni pa zaka 5. Onse awiri sankapindula, ndipo mu 2008 anaphatikizana nakhala kampani imodzi. Mpikisano unathera pomwepo, womvera natsala ndi wogulitsa mmodzi.

Musati izi nza kutsidya kwa nyanja kokha. Makolo athu anaziona. Bwana Harry Franklin, woyang'anira zofalitsa nkhani ku Northern Rhodesia, anamvana ndi kampani ya Ever Ready kuti ipange wailesi yochipa, ija yonga sefuliya, imene ankati Saucepan Special, ndipo inayamba kugulitsidwa m'caka ca 1949. Mtengo wake unali £5, batire lake £1 5s. Wailesiyi inacita zabwino, pakuti inafikitsa m'midzi nkhani ndi nyimbo za m'Cinyanja zocokera ku Lusaka. Koma Ever Ready nchito yake yaikuru inali kupanga mabatire. Wailesi munthu ankagula kamodzi. Batire likatha ankabweranso ku sitolo.

Tsono tifike kwathu. Mvula isanagwe, ogula thonje amayendayenda m'midzi yathu ya kucigwa kuno. Wina ati, landirani mbeu. Wina ati, landirani mankhwala opopera ndi pampu, mudzabweza pokolola. Sindikuti muwathamangitse, ai. Ambiri mwa ife sitingagule mankhwala ndi ndalama za m'thumba, ndipo thonje losapopera limathera mbozi. Koma dziwani kuti mbeu imeneyo ili ngati wailesi ya m'galimoto ija: wakupatsaniyo afuna kuti thonje lanu lidzapite pa sikelo yake, osati ya mnzake. Inu a kunyanja mudziwa kuti nsomba imathamangira nyambo, mbedza siiona.

Cifukwa cake, musanadinde cala pa cikalata, funsani zinthu zinai izi.

Coyamba, kodi mbeu ndi mankhwalawa ndi mphatso kapena ngongole? Ngati ndi ngongole, alembe ndalama zake pa pepala, inu musunge lanu.

Caciwiri, kodi adzagula thonje pa mtengo wanji pa kilogalamu, ndipo adzayamba liti kugula?

Cacitatu, kodi mukabweza ngongole yonse, thonje lotsala muli ndi ufulu wogulitsa kwa wina?

Cacinai, nanga mvula ikavuta, kapena madzi a mu Nadzipulu ndi Livulezi akasefukira m'minda, ngongoleyo idzayenda bwanji?

Ngati kuwerenga kukuvutani, itanani mwana wa sukulu akuwerengereni mokweza, kapena bwerani naco cikalataco kwa ine. Amai, inunso mukhalepo pofunsa, pakuti kupalira ndi kutola thonje muli pomwepo. A m'makalabu funsirani pamodzi; wogula sanyoza mau a alimi 20 monga anyozera a munthu mmodzi.

Ndipo mukapangana, sungani pangano. Mlimi wolandira mbeu kwa uyu nakagulitsa usiku kwa uyo amaphetsa anzake, pakuti caka camawa ngongole siibweranso m'mudzimo. Ogula akacepa, tidzakhala ngati omvera a ku America aja, opanda posankha.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Sabata yamawa tidzakambirana za kukonza mizere ya thonje. Tsalani bwino.

Mlangizi wa Zaulimi, Mtakataka